Amene Anali M'kati mwa Udzu

Coventry,
9 Juni 2003

Achemwali anga Attracta,

Ultan Heslin ndiye wandigwiritsa cholembera lero, munthu amene ananditengera chinthu changa m'masiku a Khirisimasi ya 1949, inu muli kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Koma mayi anatiphunzitsa kuti kalata siyamba ndi mlandu, choncho ndiyambe ndafunsa kaye. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kutupa? Nanga alamu anga a Packie akumvera adokotala pa nkhani ya fodya, kapena akukasutirabe kuseri kwa khola la ng'ombe? Ine kuno ndadzuka, ndilipo.

Phukusi lanu linafika Lachiwiri. Buledi anauma pang'ono m'mbali, koma ndinamuviika mu tiyi n'kudya mpaka nyenyeswa. Masokosi ndi amene ndavala panowa. Zikomo kwambiri. Pa abale onse amene ndinawasiya ku Kilbrack, ndinu nokha amene simunatope kundilembera zaka zonsezi, ngakhale ine ndimayankha kalata imodzi mwa zitatu. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo cholembera chimandilemera kuposa fosholo. Mwana wanga Bernadette anati ndizingoyankhula, iye azilemba pa makina ake. Ndinakana. Nkhani iyi sindifuna idutse m'manja mwa mwana isanafike kwa inu.

Za chifuwa changa ndisakubiseni. Mwezi watha anandijambula, ndipo adokotala, mayi wachitsikana woyankhula motsitsa, anandionetsa chithunzicho. Akuti ndi fumbi la kufakitale yosungunula zitsulo, la zaka makumi atatu zija. Ndinawafunsa ngati Khirisimasi ndiiona. Iwo anayamba kusanthula mapepala awo. Ndinawauza kuti amayi, ine ndakulira pa ng'ombe, nkhope ya munthu amene waona ng'ombe yoti sidzukanso ndimaidziwa. Anaseka pang'ono, kenako anati nyengo yotenthayi ndiimaliza, zakutsogolo tidzaona. Za ulendo wa pasitima yapamadzi kapena pandege anati ndiiwale. Tsopano ndili ndi botolo la mpweya pafupi ndi mpando, limandilondola ngati galu.

Musadandaule, akundisamala. Bernadette amabwera masiku atatu pa sabata. Mwana wanga wamwamuna Declan amaimba foni kuchokera ku Leeds, ngakhale nkhani zake ndi za mpira zokhazokha. Ndiye pali Desmond wa khomo loyandikana nalo, wa ku Jamaica uja tinkagwira naye ntchito. M'mawa uliwonse amamenya khoma ndi ndodo n'kufuula kuti, "Iwe wa mbatata, ukadalipo?" poti ndi mmene amatitchulira kuno ife a kwathu. Ine ndimayankha kuti, "Ndikudikira iwe utsogole, ukandisungire malo pafupi ndi zenera." Akamva zimenezo amabwera ndi supu wa tsabola woti munthu wathanzi angafe naye. Ndimamwa. Mulungu wandipatsa anthu abwino m'dziko la eni, ndipo sindingachite mwano wodandaula.

Tsopano za pepala la nyuzi lija munaika pansi pa masokosi. Munalemba m'mphepete mwake kuti, taonani mnzanu uja. Ndamuona. Ndawerenga kanayi konse, ndi chala pansi pa mzere uliwonse. Akuti pa 15 Ogasiti holo ya parishi aitcha dzina la Ultan Heslin, ndipo mwini wake adzabwera kudzadula riboni. Zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka ndi pamene mtolankhani anamufunsa kuti zisudzo anayambira kuti, iye n'kuyankha kuti anayambira m'kati mwa udzu, m'sitolo ya Mayi Tiernan, akusewera dokotala. Wakhala akunena zimenezi kwa zaka makumi asanu, pa wailesi, pa kanema, paliponse.

Achemwali, m'kati mwa udzu umene uja munali ine.

Sindinauzepo munthu wa kwathu aliyense, kupatula mmodzi, ndipo ameneyo sanandikhulupirire. Lekani ndikufotokozereni mwadongosolo.

Mukukumbukira kuti mayi tinawaika mu Okutobala chaka chimenecho. Mukudziwanso mwambo wake, kuti nyumba ya maliro imakhala chaka chathunthu osaimba, osavina, ndipo anyamata ovala udzu akamayenda khomo ndi khomo ndi sewero lawo tsiku lotsatira Khirisimasi, nyumba imeneyo amaidumpha. Mwana wa m'nyumbamo savala udzu. Zaka ziwiri za m'mbuyo dokotala wa sewerolo ndinali ine, koma chaka chimenecho anzathu anapereka gawolo kwa Ultan, chifukwa tinali a msinkhu umodzi ndipo mawu ake ndinamuphunzitsa ndine.

M'nyumba mwathu munali zii. Bambo ankadzuka, kukama ng'ombe, kubwera, kukhala pafupi ndi moto n'kumangoyang'ana. Pa miyezi iwiri ija sindikumbukira kuti anayankhula mawu opitirira khumi pa tsiku. Inu munkasewera ndi chidole chanu pansi pa tebulo monong'ona, ngati muli m'tchalitchi. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri, ndipo chete ameneyo sindinkatha kumupirira.

M'mawa wa tsiku la sewerolo ndinapita kukatenga udzu wa ng'ombe, ndipo ndinapeza Ultan kuseri kwa nkhokwe yathu atagwada, akusanza. Chipewa chake cha udzu, chachitali chophimba nkhope mpaka m'mapewa, chinali pansi. Ndinayesa kuti waledzera. Ayi, anali mantha. Anati mawu onse amuthawa, anati akangolowa m'nyumba yoyamba agwa. Anandigwira dzanja n'kuti, "Malachy, pita ndiwe. Palibe adziwe. Udzu suuza munthu." Ndinamukumbutsa za mayi. Anati, "Mayi ako ndi amene ankaseka kuposa onse. Ndakugwira mwendo, ndiombole."

Sindinganame kuti anandikakamiza kwambiri. Mtima wanga unali utavomera iye asanamalize.

Mukudziwa kuti anthu a kwathu sangakutchule dzina uli m'kati mwa udzu, ngakhale mayi wokubala akakuzindikira amakhala chete. Koma maso awo amathamangira ku nsapato. Ndiye tinasinthana nsapato. Zake zinali zofiirira, za chigamba chakuda kuphazi lakumanzere, ndipo parishi yonse inkazidziwa. Zinkandithina. Iye anavala zanga n'kukwera pamwamba pa mulu wa udzu m'nkhokwemo, nabisala tsiku lonse. Bambo ndinawauza kuti ndikukayang'ana nkhosa kuphiri. Ngakhale anzathu asanu ndi mmodzi amene ndinayenda nawo sanadziwe, chifukwa ndinawapeza nditavala kale, ndipo dokotala amayankhula ndi mawu a m'mphuno.

Tinayenda nyumba khumi ndi ziwiri. Cha m'ma 3 koloko masana tinafika kusitolo ya Mayi Tiernan, mutadzaza anthu. Pakona panakhala mlendo wa chikhoti chachitali, a Vesey, mkulu wa gulu la zisudzo loyendayenda lija linkabwera m'maholo a m'midzi. Lole yawo inali itafera pamlatho, ndipo Khirisimasi anadyera ku Kilbrack.

Anzathu awiri osewera asilikali anamenyana ndi malupanga awo a matabwa, mmodzi anagwa, n'kuitana dokotala. Sindidziwa chimene chinandilowa. Mawu akale aja ndinawasiya. Wakufayo ndinayamba kumuyeza ngati ng'ombe ya pamsika. Ndinamutsegula kukamwa kuwerenga mano, ndinafunsa ngati anabalapo, ndinafunafuna mchira n'kudandaula kuti eni ake anaudula, mtima ndinakaumvera kuchidendene. Kenako ndinatembenukira anthu, n'kuyamba kuwapeza matenda mmodzimmodzi. Wa positi ndinamupeza ndi matenda a maso obwera chifukwa chowerenga makalata a eni pa dzuwa. Mayi Tiernan ndinawauza kuti chala chawo chachikulu chatupa chifukwa chogona pa sikelo. Anthu ankagwirana kuti asagwe.

Nditacheuka ndinaona bambo ataima pakhomo, chitini cha palafini chili m'manja. Anabwera kudzagula mafuta a nyale, sanadziwe kuti tili mmenemo.

Ndinawaona bwinobwino, koma pakamwa sipanaime. Ndinapita kwa iwo, ndikuwaona kudzera m'timipata ta udzu, ndinawalanda chitinicho, ndinachinunkhiza, n'kulengeza kuti mankhwala afika, ndipo wawabweretsa ndi munthu yekhayo m'parishi muno amene ng'ombe zake zimamupatsa moni iye osayankha. Ndinanamizira kuthira m'khutu mwa wakufayo, iye n'kudzambatuka.

Achemwali, bambo anaseka. Anayamba ngati akutsokomola, kenako anagwira mphuthu ya chitseko, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsikira m'ndevu. Anthu anasiya kundiyang'ana ine n'kumayang'ana iwo. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo chinthu china chachikulu kuposa chimenecho.

Tsiku limenelo bambo atabwerera kunyumba anakunyamulani n'kukukhazikani pamiyendo. Kapena mukukumbukira.

A Vesey anayamba kufunsa kuti dokotala uja anali ndani. Anthu ankangoti mwambo sulola, koma Mayi Tiernan anawanong'oneza kuti ayang'ane mwini nsapato za chigamba. Lamlungu lotsatira, Misa itatha, amuna ataima pachipata cha tchalitchi monga mwa masiku onse, a Vesey anapita kwa Ultan n'kumufunsa pamaso pa onse ngati anali iye. Anati akufuna munthu wotere m'gulu lawo. Ine ndinali pompo, pambali pa bambo. Ultan anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndiye anati, "Ndinali ine, bwana."

Bambo anapita kukamugwira chanza ndi manja onse awiri. Anati, "Mnyamata iwe, unanditsegula pachifuwa. Ndinkayesa kuti ndinakwiririka limodzi ndi mkazi wanga." Pobwerera kunyumba anandiuza kuti, "Waona anzako? Ali ndi lilime. Iwe ukakhala pakona anthu amakuyesa thumba la mbatata."

Mu Januwale Ultan anakwera lole ya a Vesey. Ine chaka chotsatira ndinakwera sitima ya ku England.

Zotsalazo mukuzidziwa monga dziko lonse likuzidziwira, koma lekani ndinene mmene ine ndinazionera ndili kutali. Zaka zoyamba ankanyamula matabwa ndi makatani, n'kumasewera wantchito wobweretsa kalata kapena mtembo. Ndinkamva kwa anyamata obwera kuchokera kwathu, ndipo ndisaname, ndinkakondwa. Ndinkati aone. Koma sanabwerere. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi anamutenga kunyumba ya zisudzo ku Dublin. Kenako kunabwera sewero la pa wailesi lija la Lamlungu lililonse masana, limene ankasewera mlimi wovuta wokangana ndi aliyense chifukwa cha mpanda. Mukukumbukira kuti bambo, amene ankati wailesi ndi bokosi la aulesi, anagula yawo chifukwa cha sewero limenelo.

Kuno tinali amuna asanu ndi atatu m'nyumba imodzi ya lendi, ochokera ku Leitrim, ku Mayo ndi ku Cavan. Tinkatulutsa waya pazenera mpaka pa mtengo woyanikira zovala kuti tigwire siteshoni ya kwathu. Mawu ankabwera n'kumapita ngati munthu akuyankhula m'mphepo. Koma Ultan akangoyamba, m'chipindamo munkalowa Kilbrack yense, kakokedwe ka mawu kathu kaja, katchulidwe ka mayina a ng'ombe. Amuna akuluakulu okumba misewu ankapukuta m'maso n'kumanamizira utsi wa fodya. Ine ndinkakhala kumbuyo nditakwiya, koma sindinaphonyepo Lamlungu ndi limodzi lomwe. Zaka zimenezo ndikanapenga ndi kusungulumwa pakanapanda mawu a munthu amene ndinkamuda. Ichi ndachivomereza mochedwa.

M'mafilimu ankamupatsa unsembe kapena upolisi. Mu ina anali wophika wa m'sitima, ndipo anamira filimu isanapite patali. Dympna, malemu mkazi wanga, anandigwira mkono m'holo ya kanema n'kunong'ona kuti, "Mwasangalala tsopano? Wamira. Tiyeni tizipita." Iye nkhani yonseyi ankaidziwa. Anali wa ku Mayo, choncho sindimuwerengera pa anthu a kwathu.

Munthu mmodzi wa kwathu amene ndinamuuza uja ndi bambo. Munali mu 1962, nditabwera kutchuthi, inu mukugwira ntchito ku Sligo. Tinali m'khola awiriwiri, kamwana ka ng'ombe kakudwala. Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinagwada, ndinatulutsa mawu a m'mphuno aja, n'kuyamba kumvera mtima kuchiboda. Bambo anandiyang'ana pang'ono n'kuti, "Leka kutsanzira Ultan. Sizikukukhala."

Ndinaimirira. Ndinati, "Bambo, nanga nditakuuzani kuti tsiku lija ndinali ine?"

Anatenga nthawi akupukuta manja ndi udzu. Kenako anati, "Nsapato ndinaziona ndi maso angawa. Ndipo mwana wanga sangakavine m'sitolo mayi ake asanathe miyezi itatu m'manda. Usadzipake matope chifukwa cha nsanje."

Mwaona mmene ndinatsekeredwera? Akanakhulupirira, ndikanakhala mwana wonyoza maliro a mayi ake. Posakhulupirira, ndinakhala wabodza wansanje. Sindinayambitsenso nkhaniyo. Tinamwetsa kang'ombe kaja mankhwala, ndipo kanachira.

Bambo atamwalira mu Febuluwale wa 1968, mukudziwa kuti nyanja inakalipa ndipo sitima sinanyamuke masiku awiri. Ndinakhala padoko ndi sutikesi pamiyendo. Munandiuza nokha kuti Ultan anasiya zokonzekera sewero ku Dublin, anayendetsa galimoto m'chipale chofewa, nadzanyamula ngodya ya bokosi imene inali yanga. Munati anachita ngati mwana wa m'nyumba. Pa chimenecho ndimamuthokoza mpaka lero, ngakhale masiku ena ndimati malo anga anawatenga kawiri.

Ndinaonana naye kamodzi kokha chichokereni kwathu. Munali mu 1974, gulu lake litabwera ku Birmingham. Dympna anagula matikiti a sewero la Loweruka masana osandifunsa. Ndinapita ndi mtima wokapeza zolakwa. Ankasewera nkhalamba imene ana ake onse anapita kunja, yatsala yokha ndi mipando. Panali malo ena pamene ankangopinda malaya a mwana wake, osayankhula kanthu, ndipo holo yonse inasiya kupuma. Ndinaiwala kuti ndi Ultan. Nditakumbukira, ndinadziwa mumtima kuti chimene ndikuonachi sanachitenge kwa ine. Ine ndinkadziwa kuseketsa anthu amene ndinkawadziwa mayina ndi zofooka zawo. Iye anaphunzira kugwira mitima ya anthu osawadziwa.

Sewero litatha tinapita kuseri. Tinamupeza pagalasi akuchotsa utoto kumaso. Atandiona anati, "Malachy Gilrane, galu iwe. Wakalamba bwanji chonchi?"

Ndinati, "Ukalamba wanga ndi weniweni. Wakowo ukuupukuta ndi thonje."

Anaseka mpaka kutsokomola, anapsompsona dzanja la Dympna, namufunsa kuti analakwira chiyani Mulungu kuti amupatse ine. Dympna anati akukafuna tiyi, ndipo anatuluka dala. Titatsala awiri, Ultan anakankha ndowa ndi phazi kuichotsa pansi pa tebulo n'kuti, "Ukuiona iyi? Mpaka lero. Ndisanakwere pansanja ndimasanziramo, tsiku lililonse. Palibe wobwera kudzatenga udzu wa ng'ombe kuti andiombole."

Ndinamufunsa chifukwa chake anavomera pachipata paja.

Anati, "Bambo ako anali pompo. Unkafuna ndinene kuti chiyani? Akanakupitikitsa tsiku lomwelo."

Ndinati, "Ukanatha kunena kuti mwambo sulola, monga ananenera ena onse."

Anaika thonje lija patebulo. Kenako anati, "Eya, ndikanatha. Ndinkafuna kuchoka, Malachy. Kwathu tinali ana asanu ndi anayi pa munda wa miyala. Ndinaona khomo latseguka, ndinalowa." Anati a Vesey anazindikira sabata yoyamba kuti agula ng'ombe ina, osati imene anaiona pamsika, koma anamusunga chifukwa ankanyamula katundu mosadandaula. Anati zaka zonsezi wakhala akuyesa kufika pamene ine ndinafika masana amodzi aja, sewero limene iye sanalione n'komwe, anangolimva kwa anthu. Anati tsiku lina adzanena zoona. Dympna analowa ndi tiyi, tinayamba za ena, za amene anafa ndi amene anakwatira.

Tsiku linalo silinafike. Nkhani ya udzu ija inali itakoma kale m'kamwa mwake.

Koma ndimuikire umboni pa ichinso. Dympna atagonekedwa m'chipatala mu 1996, Bernadette analembera Ultan ine osadziwa, chifukwa mayi ake ankakonda mawu ake. Pasanathe sabata kunabwera kaseti. Anajambula yekha kunyumba kwake, ola lathunthu, akumuyankhula Dympna ndi dzina, akumufotokozera za anthu a ku Kilbrack mmodzimmodzi ndi mawu awo, mpaka bambo athu akukalipira galu. Wodi yonse inamvera. Dympna anaseka ngakhale mabala ankamupweteka, ndipo anaiika mobwerezabwereza mpaka sabata yake yomaliza. Munthu amene wachitira mkazi wako zotere sungamufunire manyazi.

Ndakhala pampando uno ndikusinkhasinkha, poti nthawi ndili nayo. Ndikanakwera lole ija, sindikanafika kutali. A pa wailesi amakupatsa mapepala m'mawa kuti masana uwerenge ngati akuchokera mumtima, pamene ine mzere umodzi umanditengera mpweya utatu. Akanandibweza. Komanso sindikanakumana ndi Dympna, amene anandiponda phazi kuholo ya magule kuno n'kundiuza kuti wolakwa ndine. Sipakanakhala Bernadette, Declan, ndi adzukulu anga anayi. Ndinagwira ntchito yolemetsa koma yoona, ndinagula kanyumba, sindinagonepo ndi njala. Moyo umene ndinapatsidwa ndi wabwino, ndipo ndikuuyamika. Holo ija aitche dzina lake. Analigwirira ntchito, ndi ndowa yake yomwe. Sindifuna kuti a nyuzi adziwe, sindifuna kuti ansembe asinthe zolemba pakhoma, ndipo musauze a Packie, chifukwa iwo akadziwa ndiye kuti msika wonse wa ng'ombe wadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu angawo. Moni kwa mwana wanu Ciarán ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu, makamaka wamng'ono uja munati ali ndi makutu anga, mumupepese. Moni kwa msuweni wathu Josie, mumuuze kuti mankhwala ake a adyo ndinayesa ndipo Desmond anasiya kubwera masiku awiri. Bernadette ndi Declan akupereka moni kwa azakhali awo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Sindinakupempheni kanthu chichokereni.

Ultan akabwera, musanapite kuholo, mumutenge inu nokha mupite naye kumanda. Mukaime naye pa bambo. Akanene mokweza, ndi mawu ake a ku Kilbrack, osati a pansanja, kuti amene anali m'kati mwa udzu tsiku lija anali Malachy, atavala nsapato zake, ndipo kuti iye ndiye anandipempha. Asawonjezere, asakometse, asapepese n'komwe. Mawu anga bambo sanawakhulupirire, koma a Ultan ankawakhulupirira, mpaka ankaletsa munthu kutsokomola iye akamayankhula pa wailesi. Ndikufuna adziwe kuti amene anawaseketsa anali mwana wawo.

Mukhoza kumuwerengetsa kalatayi. Akabwera msanga, musadikire Ogasiti, mwamva zimene adokotala ananena. Zikachitika mundiimbire foni tsiku lomwelo. Koma musandiuze kuti wanena asananene pofuna kundisangalatsa, chifukwa mawu anu mukamanama ndimawadziwa kuyambira muli pansi pa tebulo.

Ndikudziwa kuti bambo akamva akwiya za kuvina kuja mayi atangoikidwa kumene. Akwiye. Ndikubwera posachedwa, tidzakambirana.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,
Malachy